Mizere Iwiri Sinena Zonse: Kumvetsa Zotsatira za Kuyeza Wodwala Mwakayakaya

Masiku ano palibe mayi wa ku Lundazi amene sadziwa kachipangizo koyezera malungo. Mwana akatentha thupi usiku, m'mawa amam'bereka kupita naye ku kiliniki kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi. Kumeneko amam'pukuta chala ndi kathonje, kumubaya pang'ono, n'kudonthezera magazi pa kapulasitiki koyera kotalika ngati chala. Akathirapo madontho a mankhwala ooneka ngati madzi, onse amadikira mphindi 15 kapena 20. Mzere ukatuluka umodzi amati malungo palibe. Ikatuluka iwiri, mayi amabwerera kumudzi ndi Coartem m'manja, mtima uli m'malo. Kwa mwana amene akuyamwa, akulira mwamphamvu ndipo akuwayang'ana amake, njira imeneyi ndi yabwino ndithu, ndipo yapulumutsa ana osawerengeka.

Koma pali wodwala wina amene amafika pa chipatala cha boma ku Lundazi kapena cha mishoni ku Lumezi atachita kum'nyamula pa ngolo kapena pa njinga yamoto. Sakuyankha akaitanidwa, akupuma mobanika, manja ndi mapazi zazizira. Naye amam'baya chala, amam'tenga magazi ndi mkodzo, ndipo abale panja amadikira mawu amodzi: apeza chiyani? Pa wodwala wotereyu, mizere iwiri yomwe ija siikhalanso ndi kulemera kumene inali nako pa mwana woyamwa uja. Kuyeza kulikonse kumayankha funso limodzi lokha, lopapatiza, ndipo mphamvu ya yankholo imadalira munthu amene wayezedwayo: ndi ndani, wachokera kuti, wadwala motani. Wowerenga mizere osayang'ana munthu amalakwitsa, ndipo pa wodwala mwakayakaya kulakwitsa kotere kumathera kumanda.

Chimene kachipangizo kamaona

Ambiri amaganiza kuti kachipangizo ka malungo kamaona tizilombo ta malungo. Sikationa. Kamagwira kanthu kena kamene tiziromboto timatulutsira m'magazi, puloteni yotchedwa HRP2. Zinthu zoterezi, zimene zimayezeka m'magazi, mumkodzo kapena m'madzi ena a m'thupi n'kumaloza zimene zikuchitika m'katimo, madokotala amazitcha ma biomarker. Ife tizingoti zizindikiro zoyezeka. Zina mwa izo zimachokera kwa kachilombo koyambitsa matendawo, monga HRP2 ija, kapena LAM, kachidutswa ka chikopa cha kachilombo ka TB kamene kamatuluka mumkodzo wa munthu amene TB yam'falikira thupi lonse. Zina zimachokera m'thupi la wodwala mwini wake pamene likulimbana ndi matenda. Chitsanzo ndi CRP, puloteni imene chiwindi chimapanga m'thupi mukakhala kutupa kwa mtundu uliwonse, yomwe inadziwika mu 1930. China ndi lakiteti, asidi amene amachuluka m'magazi ziwalo zikamaperewera mpweya wabwino.

Chizindikiro chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndipo wochiwerenga ayenera kulidziwa. HRP2 imakhalabe m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Choncho mwana amene anadwala malungo mwezi watha n'kumaliza mankhwala ake bwinobwino angaonetse mizere iwiri lero, chonsecho chimene chikum'banikitsa ndi chibayo. CRP nayo siisankha: imakwera ndi malungo, ndi TB, ndi chibayo, ndi chilonda chomwe chachita mafinya, ngakhale ndi opaleshoni. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti CRP igwiritsidwe ntchito pofufuza TB mwa anthu amene ali ndi HIV, ndipo pa anthu obwera ku kiliniki akuyenda okha imathandizadi kusiyanitsa. Koma m'mawodi, mwa odwala ogonekedwa, kunapezeka kuti pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene alibe TB nawonso CRP yawo inali yokwera. Wodwala kwambiri aliyense thupi lake limakhala pankhondo, ndiye chizindikiro chongosonyeza kuti pali nkhondo sichingatiuzenso kuti mdani wake ndi uti.

Zolakwa ziwiri za wosankha mtedza

Mlimi wa ku Lundazi akasenda mtedza wake wa Chalimbana, amauthira m'lichero n'kuyamba kusankha, kuchotsa wachuku ndi wofumbwa. Ngakhale maso ake akhale akuthwa chotani, angalakwitse m'njira ziwiri. Angasiye njere yowola n'kuilowetsa m'thumba la mtedza wabwino, kapena angataye njere yabwinobwino poiyesa yowola. Akati akhwimitse, kutaya chilichonse chooneka mokayikitsa, zowola zothawa zimachepa koma zabwino zotayidwa zimachuluka. Akati afewetse, zabwino zimapulumuka koma zowola zimadutsa. Sangachepetse zolakwa zonse ziwiri pongosuntha malire ake.

Kuyeza kwa kuchipatala kuli ndi zolakwa ziwiri zomwezo, ndipo chilichonse chili ndi nambala yake. Yoyamba imatiuza kuti pa anthu 100 amene matendawo ali nawodi, kachipangizo kamagwira angati. Imeneyi ndi mphamvu yogwira, imene m'mabuku a zachipatala amati sensitivity. Yachiwiri imatiuza kuti pa anthu 100 amene alibe matendawo, kachipangizo kamawasiya angati osawanamizira. Imeneyi ndi mphamvu yosiya, imene amati specificity. Nambala ziwirizi n'zimene opanga zipangizo amalemba pa mapepala awo, ndipo kawirikawiri zimaoneka zokongola. Koma zonse ziwiri zimayambira pa munthu amene tikudziwa kale ngati akudwala kapena ayi. Dokotala amene waima pambali pa bedi funso lake ndi lotembenuza: mzere wofiira ndi uwu ndauona, tsono mwayi woti munthuyu ali ndi matendawa ndi wochuluka bwanji? Yankho la funso limeneli silinalembedwe pa bokosi, chifukwa limadalira thumba limene mtedzawo wachokera. Ngati thumba linanyowa ndi mvula, zambiri zimene wosankha wataya zimakhala zowoladi. Ngati linauma bwino ndipo zowola ndi zowerengeka, mulu wa zotayidwa umadzaza ndi njere zabwino, wosankhayo ali yemweyo, maso ali omwewo. Masamu a mfundo imeneyi anayalidwa ndi m'busa wina wa ku England, Thomas Bayes, m'kalata imene inasindikizidwa mu 1763 iye atamwalira kale.

Odwala 100 m'wodi, anthu 1,000 panja

Tione ndi manambala enieni. Kachipangizo ka LAM kamafanana ndi ka malungo, kungoti kamayeza mkodzo, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha mphindi 25. Mu 2019 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wokhudza anthu a HIV amene anali ndi zizindikiro za TB. Mwa ogonekedwa m'chipatala, kachipangizoka kanagwira 52 pa 100 alionse amene anali ndi TB, ndipo kanasiya 87 pa 100 alionse amene analibe. Mwa odwala oyenda okha, kanagwira 29 okha pa 100, n'kusiya 96 pa 100.

Tsopano tiyerekeze kuti m'wodi muli odwala 100 a HIV amene ali mwakayakaya, ndipo 30 mwa iwo ali ndi TB. Pa 30 amenewa kachipangizo kagwira 16, n'kuphonya 14. Pa 70 otsalawo kanamizira 9, n'kusiya 61. Ndiye kuti anthu oonetsa mzere ndi 25, ndipo 16 mwa iwo TB ali nayodi. Umenewu ndi umboni wokwanira kuyamba mankhwala tsiku lomwelo, pakuti wodwala wotere sangadikire masabata. Koma taonani mbali inayo. Anthu amene mkodzo wawo sunaonetse kanthu ndi 75, ndipo m'kati mwawo muli 14 a TB aja, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Dokotala amene angauze abale kuti TB palibe chifukwa mkodzo sunaonetse, watsekera anthu 14 khomo la mankhwala. Pa kuyeza uku, mzere ukaoneka umalankhula mwamphamvu. Ukapanda kuoneka sunanene zambiri.

Tsono titenge kachipangizo komweko tikayeze anthu 1,000 amene akuyenda okha, omwe 10 okha mwa iwo ali ndi TB. Pa 10 amenewa kagwira atatu. Pa 990 otsala kanamizira 4 pa 100 alionse, omwe ndi anthu pafupifupi 40. Oonetsa mzere akhala 43, koma a TB enieni ndi atatu okha. Anthu 40 akanamwa mankhwala a miyezi 6 popanda chifukwa. N'chifukwa chake WHO imalangiza kuti LAM iyezedwe pa anthu a HIV amene adwalika, amene ali ndi zizindikiro za TB, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kwambiri, osati pa aliyense. Onaninso kuti nambala ziwiri zija sizinakhale chimodzimodzi m'wodi ndi panja. Munthu akadwalika, tizilombo timakhala tambiri ndipo kachipangizo kamatigwira mosavuta, komanso zinthu zosokoneza zimachuluka. Nambala yopezedwa pa gulu lina la anthu siyenera kunyamulidwa n'kukaikidwa pa gulu lina osafunsa ngati magulu awiriwo akufanana.

Palinso vuto lina lozama. Kuti tinene kuti kachipangizo kalakwitsa, payenera kukhala muyeso wina wodalirika woyerekezera nawo. Pa TB muyeso umenewo nthawi zambiri umakhala makhololo, koma munthu wofooka kwambiri satha n'komwe kutsokomola makhololo, ndipo TB yake ingakhale m'chiwindi, m'kapamba kapena m'mafupa. Mwina ena mwa 9 amene tati anamiziridwa aja TB ali nayo, kungoti muyeso woyerekezerawo ndiwo unawaphonya. Kukula kwa vutoli kunaoneka pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene madokotala anapima mitembo 125 ya akuluakulu amene anamwalira m'mawodi. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2015, zinasonyeza kuti 78 anali ndi TB, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse a iwowa anamwalira TB yawoyo isanadziwike.

Mwana wokomoka amene ali ndi tizilombo ta malungo

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza kwambiri kuno kum'mawa kwa Zambia. M'dera limene udzudzu umaluma anthu chaka ndi chaka, ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala n'komwe. Amapita kusukulu, amaweta mbuzi, amasewera mpira. Mutati muyeze ana athanzi a mudzi umodzi kumapeto kwa dzinja, ena ndithu aonetsa mizere iwiri. Tsono mmodzi mwa anawa akagwidwa ndi matenda oumitsa khosi, kapena akamwa mwangozi mankhwala opopera thonje, n'kufika kuchipatala atakomoka, magazi ake aonetsa malungo. Kachipangizo sikananame, tizilombo tilimodi. Koma funso limene kayankha ndi lakuti tizilombo tilimo kapena mulibe, pomwe funso limene moyo wa mwanayo watsamirapo ndi lakuti n'chiyani cham'komola.

Umboni woonekeratu wa zimenezi unachokera ku Blantyre. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anapempha chilolezo kwa makolo kuti apime mitembo ya ana amene anamwalira ndi matenda amene aliyense ankati ndi malungo a muubongo. Anawa anali atakomoka, magazi awo anali ndi tizilombo ta malungo, ndipo panalibe chifukwa china chooneka. Mu 2004 anafalitsa zimene anapeza pa ana 31. Mwa 24, timitsempha ta muubongo tinali todzaza ndi maselo a magazi okhala ndi tizilombo, monga momwe malungo a muubongo amachitira. Koma ana 7 anali atafa ndi matenda ena. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse, m'manja mwa akatswiri a malungo odziwika padziko lonse, anali ndi tizilombo tongokhalamo, chom'pha chili china. Kafukufuku yemweyo anaonetsa njira yosiyanitsira magulu awiriwa mwana akadali moyo: kuunika m'kati mwa diso. Mwana amene malungo am'gwiradi ubongo, kuseri kwa diso lake kumaoneka timadontho toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totayikira. Kuunika kumeneku kumafuna kachipangizo koonera m'maso ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo ndi luso limene chipatala chilichonse cha boma chiyenera kulilimbikira.

Kulakwitsa kwina ndi kotembenuza, pamene magazi akukana koma anthu n'kuumirira malungo. Kumpoto chakum'mawa kwa Tanzania, Hugh Reyburn ndi anzake anatsata odwala 4,474 amene anagonekedwa m'zipatala 10 akudwala kwambiri n'kupatsidwa mankhwala a malungo. Lipoti lawo la 2004 linasonyeza kuti 46 okha pa 100 ndiwo anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Mwa amene analibe, awiri mwa atatu alionse sanapatsidwe mankhwala opha mabakiteriya, ndipo anamwalira ambiri kuposa a malungo enieni: 12 pa 100 poyerekeza ndi 7 pa 100. Dzina lakuti malungo linatseka maso a onse, ndipo matenda enieni anapitiriza ntchito yawo. Ichi n'chifukwa chake malangizo a WHO amati mwana wa malungo aakulu m'madera ngati athu alandire jekeseni ya artesunate pamodzi ndi mankhwala opha mabakiteriya, kufikira zitatsimikizika kuti mabakiteriya mulibe m'magazi. Mayi akaona mwana wake akubayidwa mitundu iwiri ya mankhwala pomwe anamuuza kuti ndi malungo, asaganize kuti anamwino asokonezeka.

Dera lathu lili ndi matenda enanso amene amabisala kumbuyo kwa malungo. Kumadzulo kwa Lundazi nthaka imatsetsereka kulowa m'chigwa cha Luangwa, kwa mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, m'boma la Lumezi limene linapatulidwa ku Lundazi mu 2018. M'chigwamo muli kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera. Kachilombo ka kaodzera wa mtundu woopsawu, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanafotokozedwa koyamba mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham, kuchokera m'magazi a munthu amene anakatengera m'chigwa cha Luangwa chomwechi. Kaodzerayu amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndendende malungo, ndipo popanda mankhwala amapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Munthu wa kuchigwa angathe kukhala ndi kaodzera ndi tizilombo ta malungo nthawi imodzi. Wotereyu akamangopatsidwa Coartem ulendo ndi ulendo chifukwa mizere ikutuluka iwiri, nthawi yom'pulumutsira imatha.

Choloza imfa si ndicho chikupha

Zizindikiro zina sizitchula matenda. Zimangonena kuti wodwala ali pangozi yaikulu bwanji. Lakiteti akafika 5 mwa wodwala malungo, WHO imawerenga kuti malungowo ndi aakulu. Magazi a mwana akatsika kufika 5 pa muyeso wa Hb, chimodzimodzi. Nambala zoterezi n'zothandiza posankha woyamba kumuona, woyenera bedi la pafupi ndi anamwino, ndi woyenera kutumizidwa ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Koma malirewo anaikidwa ndi anthu pogwirizana, ndipo thupi siliwadziwa. Mwana wa 4.8 ndi mnzake wa 5.1 sasiyana kwenikweni. Zipangizonso zili ndi zofooka zake. Kachipangizo kopanira pachala koyeza mpweya m'magazi kamavutika chala chikazizira, monga chimachitira magazi akamayenda mofooka. Mu 2020 madokotala a ku Michigan ku America anapezanso kuti kamabisa kuperewera kwa mpweya kawirikawiri pa anthu akhungu lakuda: pamene kankaonetsa nambala yabwino, mpweya unali wotsika moopsa mwa odwala akuda pafupifupi 12 pa 100, pomwe mwa azungu anali osakwana 4 pa 100.

Msampha waukulu ndi kuganiza kuti popeza nambala yoipa imayenda limodzi ndi imfa, kukonza nambalayo kuthamangitsa imfa. Ku Malawi kunadziwika kuti ana odwala kwambiri amene shuga wawo ndi wotsikirapo, pakati pa 2.5 ndi 5, amamwalira ambiri kuposa anzawo. Zinali zomveka kuganiza kuti malire operekera shuga wa m'diripi akwezedwe kuchoka pa 2.5 kufika pa 5. Anayesa zimenezi pa zipatala za Queen Elizabeth ndi Zomba Central m'kafukufuku wotchedwa SugarFACT, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020. Opatsidwa shuga ndi osapatsidwa anamwalira mofanana, 15 kapena 16 pa 100 mbali zonse. Shuga wotsikirapoyo anali chizindikiro cha matenda aakulu, osati chimene chinkapha anawo.

Nthawi zina kuthamangitsa nambala kumavulaza. Magazi akamayenda mofooka chifukwa cha matenda a m'magazi, mabuku a ku Ulaya ndi ku America ankalangiza kuthira madzi ambiri a diripi mofulumira. Kafukufuku wa FEAST, amene Kathryn Maitland anatsogolera ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000, anasonyeza mu 2011 kuti ana othiridwa madzi mofulumira anamwalira oposa 10 pa 100 m'masiku awiri, pomwe osathiridwa anali 7 pa 100. Ku Lusaka, Ben Andrews ndi anzake anayesa njira yofanana pa akuluakulu oposa 200 pa University Teaching Hospital, omwe pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali ndi HIV. Zotsatira za mu 2017 zinali zoopsa: mwa olandira madzi ambiri anamwalira 48 pa 100, mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse 33 pa 100. Odwala athu ambiri amafika atatha thupi, magazi ali ochepa, mapapo atagwidwa ndi TB, m'zipatala zimene makina othandiza kupuma ndi osowa. Malangizo opangidwira odwala ena, m'zipatala zina, sanawayenere.

Nanga kuyezako n'kwa chiyani?

Wina anganene kuti ngati zipangizo zimalakwitsa chonchi, bwanji osangodalira maso a dokotala monga kale. Yankho ndi lakuti diso la dokotala nalonso ndi kuyeza, lili ndi zolakwa ziwiri zomwe zija, ndipo pa matenda ambiri limalakwitsa kuposa kachipangizo. Kale kutentha thupi kulikonse kunkatchedwa malungo, ndipo odwala a ku Tanzania aja anafa ndi chizolowezi chimenecho. Kuno ku Zambia, kafukufuku amene Davidson Hamer ndi anzake anafalitsa mu 2007 anapeza kuti odwala oposa mmodzi mwa atatu alionse amene kachipangizo kanakana malungo ankapatsidwabe mankhwala a malungo. Kumeneko kunali kutaya umboni wabwino, pakuti kachipangizo ka malungo kali ndi mphamvu yogwira yaikulu, ndipo kakakana, nzeru ndi kufunafuna matenda ena mwachangu. Zoona, wodwala wokomoka amayambitsidwa artesunate zotsatira zisanatsimikizike, ndipo magazi amayezedwanso. Koma kufufuza kwina sikuyenera kuima.

Ndiponso kachipangizo kofooka, kakagwiritsidwa ntchito pa anthu oyenera, kamapulumutsa miyoyo. LAM yomwe ija, yophonya theka la odwala TB, inayesedwa m'zipatala za ku South Africa, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe pa odwala a HIV oposa 2,500 ogonekedwa ndipo akuganiziridwa TB. Jonathan Peter ndi anzake analengeza mu 2016 kuti patatha masabata 8, mwa osayezedwa mkodzo anamwalira 25 pa 100, mwa oyezedwa 21 pa 100. Anthu anayi pa 100 alionse anakhala ndi moyo chifukwa choti mankhwala anayamba msanga. Kafukufuku wina, wa STAMP, wochitikira ku Zomba ndi ku KwaZulu-Natal, anayeza mkodzo wa odwala a HIV ogonekedwa, oganiziridwa TB ndi osaganiziridwa omwe. Mu 2018 anapeza imfa 18 pa 100 mwa oyezedwa mkodzo poyerekeza ndi 21 pa 100 mwa osayezedwa, kusiyana kumene masamu anasonyeza kuti kukanathanso kubwera mwamwayi chabe. Koma mwa amene chitetezo chinali chotsikitsitsa, amene magazi anali ochepa kwambiri, ndi amene dokotala ankawaganizira kale TB, phindu linaoneka poyera. Apanso phindu la kuyeza linatsata mtundu wa wodwala.

Wina angadandaule kuti kupereka mankhwala opha mabakiteriya kwa mwana amene wapezeka kale ndi malungo ndi kuwononga mankhwala, komanso kuzoloweza tizilombo kuti tisamawamve. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo pa odwala oyenda okha iyenera kulemekezedwa kwambiri. Kupatsa aliyense wa chimfine mankhwala otere ndi kudzikumbira dzenje. Koma zolakwa ziwiri zija sizilemera mofanana nthawi zonse. Pa mwana wokomoka, kupereka mankhwala osafunika kwa masiku awiri kapena atatu kumawononga pang'ono, pomwe kusiya matenda oumitsa khosi osathandizidwa usiku umodzi kungathe kum'pha kapena kum'siya wogontha moyo wake wonse. Malire amasunthidwa malinga ndi mtengo wa kulakwitsa, ndipo mankhwalawo amaimitsidwa umboni ukasonyeza kuti safunikanso.

Gawo la wodwazika

Masamu onsewa amayambira pa funso limodzi: tisanayeze, matendawa tikuwaganizira mwamphamvu bwanji pa munthu uyu? Mbali yaikulu ya yankho ili ndi wodwazika, amene wagona pansi pambali pa bedi. Iye ndiye akudziwa kuti mwana anamaliza Coartem masabata awiri apitawo, mfundo imene imachepetsa kulemera kwa mizere iwiri ya lero. Ndiye akudziwa kuti bambo anasiya kumwa ma ARV chaka chatha, kuti akhala akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kuti m'nyumbamo wina anadwalapo TB. Ndiye akudziwa za botolo la mankhwala a m'munda limene linapezeka lotsegula, ndi za mankhwala azitsamba amene wodwala anamwetsedwa asanabwere. Zinthu zimenezi anthu amazibisa chifukwa cha manyazi kapena kuopa kukalipiridwa, koma pozibisa amam'landa dokotala theka la umboni.

Choncho mukadwazika m'bale wanu, pitani ndi kabuku kake ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa. Akakuuzani zotsatira, funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi zimene mwapezazi zikukwanira kufotokoza mmene wadwaliramu?" Akakuuzani kuti sanapeze kanthu, funsani ngati kuyezako kumatha kuphonya, ndi ngati kudzabwerezedwa. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri akulandira mankhwala koma osasintha, musakhale chete ndipo musam'thawitse kupita naye kumudzi; uzani anamwino kuti aonedwenso. Ndipo ngati wodwalayo amakhala kuchigwa, kapena anapitako kukapha nsomba, kukagwira ntchito kapena kukaona abale, nenani zimenezo pa tsiku loyamba lomwe, ngakhale asanakufunseni. Kaodzera wa ku Luangwa alibe kachipangizo ka mizere. Amapezeka pokhapokha wina atam'ganizira n'kupempha a ku labu kuti ayang'ane magaziwo pa maikulosikopu.